Hybrid yodula ija, munthu wa ku Philippines aigule kapena ayi?

Ine ntchito yanga ndi zamagetsi a m'galimoto, ndipo ma hybrid ndawatsegula ambiri ndithu, ma Aqua, ma Prius, ma Fit, onse aja amabwera kuno atatopa kale ku Japan. Ndiye nkhani ya madalaivala a ku Philippines imandisangalatsa chifukwa iwowo alibe mwayi wathu uja wongolowa pa intaneti nkuitanitsa kagalimoto ka zaka 10 pa mtengo wozizira. Kumeneko amayenda kumanja kwa msewu, chiwongolero chimakhala kumanzere, galimoto ya chiwongolero cha kumanja ndiyoletsedwa, komanso boma linatseka zoitanitsa magalimoto ambiri ogwiritsidwa kale ntchito kuyambira 2002. Munthu akafuna hybrid ndiye kuti apita kwa dila, omwe okha amati casa, nkukagula yatsopano ya mupulasitiki, nthawi zambiri pa ngongole. Apa mpomwe mtengo umaluma.

Choyamba timvane kaye kuti hybrid imapulumutsa mafuta pati, chifukwa anthu ambiri amangoti "siimwa" basi osadziwa chifukwa chake. Muli injini ya petulo, muli mota ya magetsi, muli batire. Ukaponda buleki mota ija imasanduka jenereta, mphamvu yomwe ikanathera kutentha ma pad imabwerera mu batire. Ukaima injini imazima koma AC ikuzizirabe chifukwa kompuresa yake imayendera magetsi. Ukamanyamuka pang'onopang'ono mota ndi yomwe imakankha. Ndiye kuti galimotoyi imasangalala pomwe galimoto wamba imalira, ima-yenda ima-yenda wa mutauni.

Nanga kuli malo a ima-yenda oposa Metro Manila, dera la likulu la dzikolo? Pa kafukufuku wa TomTom wa 2023 derali linakhala nambala wani pa dziko lonse lapansi pa kuthithikana kwa magalimoto, makilomita 10 okha munthu kutha mphindi 25 ndi theka. Msewu wa EDSA ndi wa makilomita pafupifupi 24 koma anthu amakalambirapo. Onjezani kutentha kwake, palibe amene amazimitsa AC. Galimoto ya petulo pamenepo injini ikungolira, mafuta akupsa, mateyala osasuntha, pomwe hybrid yangoti ziii ngati yafa, mpaka oyamba kumene kuyendetsa amadinanso batani poganiza kuti yazima.

Tsono tiyeni ku masamu, ndipo manambala awa ndi achitsanzo chabe, aliyense aikepo ake. Tinene kuti galimoto ya petulo mu jamu ikupanga makilomita 9 pa lita, hybrid yofanana nayo 18, petulo tiike pa mapeso 60 pa lita (peso ndi ndalama ya kumeneko), ndipo hybrid ikudula ndi mapeso 250,000 kuposa inzake. Munthu woyenda makilomita 15,000 pa chaka apulumutsa malita 833, ndiye ngati mapeso 50,000. Zaka zisanu ndalama yabwerera. Dalaivala wa Grab, taxi yoitanitsa pa foni, amene amathyola makilomita 40,000 pa chaka, iyeyu zaka ziwiri sizikwana, asaganizenso kawiri. Koma bambo amene galimoto imangotuluka Lamlungu kupita ku Misa nkudzera ku mall, makilomita 6,000 pa chaka, akupulumutsa 20,000 basi, ndiye adikira zaka 12 ndi theka, waranti ya batire itatha kalekale, mwinanso galimotoyo atagulitsa. Ndipo sindinaikepo chiwongoladzanja cha ku banki pa 250,000 ija, chomwe ma selusimani satchula, amangokuonetsa ya pamwezi kuti yangosiyana pang'ono bwana.

Mukaona chonchi mutha kunena kuti basi nkhani yatha, woyenda kwambiri agule, woyenda pang'ono asiye. Koma ku Manila kuli chinthu china chomwe chimasokoneza masamu onsewa, amachitcha coding. Galimoto iliyonse ili ndi tsiku limodzi pa sabata lomwe siiloledwa m'misewu ikuluikulu nthawi yomwe anthu akupita ndi kuweruka ku ntchito, kutengera nambala yomaliza pa puleti. 1 ndi 2 Lolemba, 3 ndi 4 Lachiwiri, choncho mpaka 9 ndi 0 Lachisanu. A MMDA, bungwe loyang'anira misewu ya Metro Manila, amagwira kuyambira 7 mpaka 10 m'mawa komanso 5 mpaka 8 madzulo, pomwe ku Makati, mzinda wa mabizinesi mu Metro Manila momwemo, ndi okhwima, 7 m'mawa mpaka 7 madzulo osapumira. Mabanja opeza bwino akhala akugula galimoto yachiwiri chifukwa cha tsiku limodzi limeneli, tangoganizani, galimoto yathunthu, inshulansi yake, malo oimikapo, zonsezo chifukwa cha Lachitatu.

Mu Epulo 2022 kunabwera lamulo lotchedwa EVIDA, Republic Act 11697, ndipo linati magalimoto a magetsi kuphatikizapo ma hybrid asamakhudzidwe ndi coding kwa zaka 8. Kwa ine apa ndi pomwe pali phindu lenileni kwa munthu wa mu Metro Manila, kuposanso mafuta. Ngati hybrid imodzi ikukuchotsera kufunika kwa galimoto yachiwiri, kapena ikukupulumutsa kulipira Grab kupita ndi kubwera tsiku limodzi sabata iliyonse, 250,000 ija yabwerera msanga kwambiri. Koma dziwani kuti zaka 8 kuchokera 2022 zimathera 2030, ndiye wogula lero pa ngongole ya zaka zisanu awerengere bwino. Komanso coding ndi mutu wa anthu a ku likulu makamaka, mlimi wa mpunga ku Nueva Ecija izi sizimukhudza.

Chenjezo lina apa, si galimoto iliyonse yolembedwa Hybrid kumbuyo imene boma limaiwerengera. Pali aja amati mild hybrid, kamota kake kamangothandizira injini koma sikangayendetse galimoto pakokha. Unduna wa zamphamvu, DOE, uli ndi mndandanda wa magalimoto omwe umawavomereza, ndipo amene ali pamenepo ndi omwe amalandira puleti yobiriwira ku LTO, ofesi yolembetsa magalimoto. Munthu aone mndandandawo asanasaine, osati kukakangana ndi wapamsewu akumulozera baji ya pa buti.

Za misonkho, boma layesetsa ndithu. Lamulo la TRAIN la 2018 linati hybrid izilipira theka la msonkho wa excise womwe galimoto wamba imalipira. Kenako mu Juni 2024 Pulezidenti Marcos anasaina Executive Order 62 yochotsa msonkho wa pa doko pa ma hybrid mpaka 2028. Anthu anaombera m'manja poganiza kuti mitengo yonse igwa, koma ma Toyota otchuka ngati Corolla Cross amachokera ku Thailand, Yaris Cross ndi Zenix ku Indonesia, ndipo magalimoto a m'mayiko a ASEAN, mgwirizano wa mayiko a kummwera chakummawa kwa Asia womwe Philippines, Thailand ndi Indonesia alimo, ankalowa kale opanda msonkhowo. Omwe anapindula kwambiri ndi ochokera kunja kwa ASEAN. Chomwe chagwedeza msika zenizeni ndi ma China, makamaka BYD yomwe ikugulitsidwa ndi kampani ya banja la Ayala, Sealion 6 yawo ya 2024 inabwera pa mtengo wopikisana ndi magalimoto a petulo, ndipo ma Japan anayamba kutuluka thukuta.

Koma Sealion ija ndi plug-in, yochajira pa soketi. Imeneyi imakoma ngati uli ndi galaja yako kunyumba, uchaje usiku, mawa upite ku ntchito ndi kubwerako injini osalira nkomwe, ngakhale magetsi a Meralco, kampani yogawa magetsi ku Manila, ali m'gulu la odula ku Asia amatchipabe kuposa petulo pa kilomita. Wokhala mu kondo pa nsanjika ya 20 wopanda pochajira akungonyamula batire lolemera ulere.

Tsopano batire, funso lomwe aliyense amandifunsa ali ndi nkhope ya maliro. Toyota kumeneko imapereka waranti ya zaka 8 pa batire la hybrid, ndipo kunena zoona mabatirewa amakhalitsa kuposa momwe anthu amaopera, Prius inayamba 1997, luso lake si lachilendo ayi. Chimene chimapha batire ndi kutentha. Pansi kapena pambali pa mpando wakumbuyo pamakhala kabowo kolowera mphepo, kali ndi kafiluta ndi kafani. Ndinatsegulapo ina yomwe mwini wake ankalira kuti batire latha, kafilutako kanali katachita kukhala ngati bulangeti, fumbi, tsitsi, kapepala ka switi, ndipo mayi ake ankaikapo thumba la mpunga pabowo pomwepo. Tinangopukuta basi, nyali ya pa dashibodi nkuzima. Dziko lotentha ngati Philippines kameneka nkofunika kukaona pa sevisi iliyonse.

Chomwe chingandichititse mantha ine ndi madzi. Anthu a mzinda wa Marikina mu Metro Manila sadzaiwala namondwe Ondoy wa 2009, ndipo mu Julayi 2024 namondwe Carina anamizanso misewu yambiri ya Manila. Galimoto iliyonse ikamira ndi tsoka, koma ya petulo makaniko wa pa talyer, tigalaja tawo ta m'makwalala, amatha kuiumitsa nkuidzutsa. Hybrid madzi akafika pansi pa mpando pomwe pali batire la mavoti mazana, ndiye nkhani ya ku casa, ndipo bilu yake si yamasewera. Wogula aonetsetse kuti inshulansi yake ili ndi gawo lomwe amalitcha Acts of Nature, chifukwa si inshulansi zonse zimakhala nalo, ndipo ngati kwawo madzi amafika m'mawondo chaka ndi chaka aganize kaye poimika.

Ndiye pali anthu a maulendo ataliatali, aja amakwera msewu waukulu wa NLEX kupita kumpoto kapena wa SLEX kulowera kummwera ku Batangas, banja lonse ndi katundu pamwamba. Pa liwiro lokhazikika mabuleki suponda, injini siizima, ndiye mwayi wa hybrid umachepa kwambiri, kusiyana kwake ndi galimoto wamba kumangotsala pang'ono. Nchifukwa chake a Filipino ambiri sasiyana ndi dizilo, Innova, Fortuner, Montero Sport, zida zake zimapezeka tauni iliyonse ndipo makaniko aliyense amaidziwa. Munthu wa kunja kwa likulu woyenda misewu yotere ine ndingamuuze kuti asunge ndalama zake. Wa ku Quezon City wogwira ntchito ku Makati, amene puleti yake imathera 5 ndipo Lachitatu lililonse amadzuka 4 koloko kuthawa wapamsewu, ameneyo apite ku casa akaone ya puleti yobiriwira, koma atenge kakyuleta yake yake.