Kulemera kwa nyenyezi za m'magulu a milalang'amba: mafunso ndi mayankho

Poti nyenyezi siiikidwa pa sikelo, akatswiri a zakuthambo amadziwa bwanji kulemera kwake?

Lamulo lake n'lalifupi. Amayeza kuwala konse kochokera m'gulu la milalang'amba (mlalang'amba ndi khamu lalikulu la nyenyezi zokokana), n'kuchulukitsa ndi nambala yosonyeza kulemera kumene kumafunika kuti kuwala koteroko kutuluke. Muyezo wake ndi Dzuwa, lomwe nambala yake ndi 1. Mtunda ukadziwika, kuyeza kuwala sikuvuta kwenikweni. Mkangano wonse wagona pa nambalayo.

Bwanji osangogwiritsa ntchito nambala imodzi kulikonse?

Chifukwa nyenyezi siziwala molingana ndi kulemera kwake. Yolemera kuwirikiza ka 10 kuposa Dzuwa imawala kuwirikiza masauzande, koma sikhalitsa. Zing'onozing'ono zofiira n'zambirimbiri ndipo zasenza kulemera kochuluka, koma zimangoti phethiphethi. Motero mlalang'amba wabuluu, wodzaza nyenyezi zatsopano, nambala yake imakhala yaing'ono, pamene wofiira, wa nyenyezi zokalamba, imakhala yokulirapo. Mwayi wake, pakati pa magulu ngati la Coma pamachuluka milalang'amba yofiira yofanana mtundu. Ambiri amakondanso kuyeza ndi kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa infrared, komwe fumbi la m'mlengalenga silitchinga kwambiri.

Nanga nyenyezi zing'onozing'ono zosaonekazo amaziwerenga bwanji?

Saziwerenga. Amangotenga kuti nyenyezi zikamabadwa kumeneko, zazikulu ndi zazing'ono zimagawikana monga zimachitira mu mlalang'amba wathu. Edwin Salpeter anapereka kagawidwe kake mu 1955, Gilles Chabrier anapereka kena mu 2003. Kuwala komweko, ukawerengera ndi ka Salpeter, yankho limakula kuwirikiza pafupifupi ka 1.7 kuposa ukawerengera ndi ka Chabrier. Kwa ine, chiwerengero chimene sichinena kagawidwe kamene kagwiritsidwa ntchito n'chosayenera kuchiyerekezera ndi china chilichonse.

Pali kuwala kumene kumaphonyeka?

Kulipo. Nyenyezi zina zinazulidwa m'milalang'amba yake pamene inkakokana, ndipo zikungoyandama pakatikati. Kuwala kwake n'kozimiririka moti kumasokonekera ndi kuwala kwa thambo lathu lomweli. Komanso pachithunzi pamalowerera milalang'amba ya kutsogolo ndi kumbuyo yomwe si ya gululo. Imeneyo amaichotsa poyeza mtunda wake, kapena poyerekezera ndi mbali ina ya thambo yopanda gulu.

Ndiye yankho limene lapezekalo ndi kulemera kwa gulu lonse?

Kutalitali. Mu 1933 Fritz Zwicky anaona kuti milalang'amba ya mu Coma ikuthamanga kwambiri moti nyenyezi zokha sizikanatha kuigwira kuti isabalalike. Lero tikudziwa kuti m'magulu akuluakulu nyenyezi ndi magawo awiri kapena atatu okha pa 100 alionse a kulemera konse, nthawi zina osafikanso pamenepo. Mpweya wotentha woonekera mu X-ray umaziposa kangapo, ndipo magawo oposa 80 ndi dark matter, yosaoneka chifukwa siitulutsa kuwala koma imakoka zinthu, yomwe amaiyeza ndi njira zina, monga kuona mmene gululo limapindira kuwala kochokera kumbuyo kwake.