Kuyang'anira chisankho ndi kafoni ka mabatani: mafunso ndi mayankho kwa anthu a ku Dedza

Kodi kuyang'anira chisankho pa meseji n'kutani?

Ndi njira yoti anthu omwe ali pa malo oponyera voti azitumiza zomwe akuona ku likulu limodzi, kumene ena amazisonkhanitsa ndi kuzitsimikiza. Inayamba kalekale: ku Nigeria anaigwiritsa ntchito pa chisankho cha 2007, ndipo ku Kenya anayambitsa njira yosonkhanitsira mauthenga otere yotchedwa Ushahidi mu 2008 pofuna kulondola zipolowe zomwe zinabuka chisankho chitatha. Kuno kwathu bungwe la MESN, lomwe ndi mgwirizano wa mabungwe oyang'anira zisankho, linachita chimodzimodzi mu 2014 ndi 2019, pomwe anthu ake ophunzitsidwa ankatumiza pa foni zotsatira za m'masenta ena oponyera voti osankhidwa kuti azifananitse ndi zomwe bungwe loyendetsa zisankho la MEC lalengeza.

Bwanji osangotumiza pa WhatsApp?

Chifukwa meseji sifuna bandulo kapena foni yapamwamba. Mayi wa ku Mayani kapena ku Lobi yemwe ali ndi kafoni ka mabatani ndi timayunitsi tochepa akwanitsa, ndipo batire la kafoni kotere limagona masiku. Pomwe intaneti ikukana, meseji imadutsa.

Ndiye aliyense angakhale woyang'anira?

Apa tisiyanitse. Wololedwa kukhala m'senta tsiku lonse, kuonerera mpaka kuwerenga mavoti, ndi yemwe wavomerezedwa ndi MEC ndipo ali ndi chiphaso: mamonitala a zipani ndi a anthu oima paokha, komanso otumidwa ndi mabungwe. Inu amene mwangobwera kudzavota, votani ndipo mutuluke. Koma maso anu sanalandidwe. Zomwe mwaona muli pa mzere, m'njira kapena pa msika nthawi ya kampeni mungathe kuzitumiza. Nambala yotumizirako muitenge kwa bungwe lenilenilo kapena pa wailesi, osati kwa munthu wongokumana naye pa depoti.

Ndilembe chiyani kwenikweni?

Funso ili ndi lomwe ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa ambiri amaphonya pomwepa. Meseji imodzi imalola zilembo 160 zokha, choncho moni ndi malonje zisiyeni. Tchulani zinthu zitatu: kuti, nthawi yanji, chachitika n'chiyani. Mwachitsanzo: "Dedza, senta yakutiyakuti, 7:40 m'mawa, kuvota sikunayambe, inki palibe, ndaona ndekha." Wolandira uthenga wotere akhoza kuimbira wina wa pa sentayo n'kutsimikiza mosachedwa. Koma wina akalemba kuti "kuno akubera", palibe angagwirepo kanthu. Kuno ndi kuti? Akubera motani?

Zoyenera kutumiza ndi monga senta kutsegulidwa mochedwa, kusowa kwa zipangizo, munthu wolembetsa kubwezedwa, kuopsezedwa kwa ovota, kugawa ndalama kapena katundu pokopa mavoti, zomwe lamulo la zipani la 2018 limaletsa, komanso kuchita kampeni nthawi itatsekedwa, pakuti kampeni imatha kutatsala maola 48 kuti kuvota kuyambe. Ndipo musaiwale ichi: ngati zonse zikuyenda bwino, nenaninso. Likulu likamangolandira zoipa zokhazokha, chithunzi cha boma lonse la Dedza chimakhota.

Nanga zomwe ndamva kwa anzanga?

Musatumize. Ndikunena izi mochokera pansi pa mtima. Mphekesera yoti ku Mtakataka agwira galimoto yodzaza mavoti ikhoza kufika ku Linthipe ndi ku Chimbiya dzuwa lisanapendeke, anyamata n'kuyamba kutola miyala pa nkhani yomwe palibe anaiona. Mutu ukakula sulewa nkhonya, koma apa nkhonya zimagwera anthu osalakwa. Ngati simunaone ndi maso anu, sungani mayunitsi.

Kodi ndingatumize zotsatira za pa senta yathu?

Inde, ngati mwakopera manambala pa chipepala cha zotsatira chomwe chimamatidwa pa senta akamaliza kuwerenga. Koperani modekha, muwerengenso kawiri. Koma musalengeze kuti wakuti wapambana chisankho. Ntchito imeneyo ndi ya MEC yokha. Komanso voti ndi yachinsinsi: musajambule pepala lovotera, musafunse agogo kuti achonga ndani.

Meseji ingalowe m'malo mwa dandaulo?

Ayi. Dandaulo limaperekedwa molemba kwa woyang'anira senta kapena ku MEC. Tikumbukire kuti khoti litathetsa chisankho cha pulezidenti cha pa 21 May 2019, mu chigamulo cha pa 3 February 2020, linadalira mapepala a zotsatira, ena ofufutidwa ndi Tippex, pamodzi ndi mboni. Meseji yanu imathandiza kuloza pomwe pali vuto, ndiye musaifufute mu foni. Imasunga tsiku ndi nthawi.

Dzina langa lidziwika?

Nambala za Airtel ndi TNM zimalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, ndiye musaganize kuti mwabisala kotheratu. Funsani bungwe lolandira mauthengawo ngati limabisa manambala lisanaulutse nkhani. Ngati pali chiwawa, thawani kaye, mulembe muli pabwino.

Netiweki ikavuta?

Kwathu kuno mapiri amatchinga, ndipo m'midzi ya m'malire foni nthawi zina imakoka netiweki ya ku Mozambique. Tchajani foni dzulo lake, lembani nthawi ya chochitikacho mkati mwa meseji, kenako kwerani pa chulu kapena pamtunda pomwe mumaimbira masiku onse n'kutumiza. Ngakhale ifike mochedwa, olandira adziwa kuti zinachitika nthawi yanji.