Mafunso ndi mayankho: kayendetsedwe ka gmina ya Białowieża ndi ndalama za a sołtys

Anzathu okhala ku Poland akhala akubwera ku ofesi kuno ndi mafunso okhudza maboma aang'ono a kumidzi otchedwa gmina. Ena afika mpaka potidandaula kuti mayankho athu amasinthasintha. Tiyankha potengera gmina ya Białowieża.

Kodi Białowieża ili kuti?

Kum'mawa kwa dzikolo, m'malire ndi Belarus, m'boma la Hajnówka, chigawo cha Podlaskie.

Nanga bwanji zikalata zakale zimatchula chigawo cha Białystok?

Sizabodza ayi. Kuyambira 1975 mpaka 1998 Poland inali ndi zigawo 49, ndipo Białowieża inali pansi pa Białystok. Pa 1 Januwale 1999 zigawozo zinachepetsedwa kufika 16.

Amalamula ndani?

Wójt, mkulu wa gmina, amene anthu amadzisankhira okha kuyambira 2002, pamodzi ndi makhansala 15. Kuyambira 2018 amakhala pampando zaka zisanu.

Kodi sołtys ndiye nyakwawa?

Ayi. Udindowu si wa kumtundu. Anthu a m'midzi monga Budy ndi Teremiski amasankha sołtys pamsonkhano wa mudzi, ndipo iye sagawa malo kapena kuweruza milandu. Amangokhala mkhalapakati wa mudzi ndi ofesi ya gmina.

Tamva kuti aliyense amene anakhalapo sołtys amalandira ndalama mwezi ndi mwezi. N'zoona?

Si aliyense, ndipo apa tikupempha kuti mumvetse bwino. Lamulo la 2023 linakhazikitsa ndalama zokwana 300 złoty pamwezi, ndipo zimakwezedwa chaka ndi chaka. Poyamba linkafuna kuti munthu akhale atatumikira zaka 8, koma mu 2024 zinatsitsidwa kufika 7. Amene anauzidwa zaka 8 nthawi imeneyo sananamizidwe. Lamulo ndi limene linasintha. Wopemphayo ayeneranso kukhala atakwanitsa zaka zopumira pantchito, 60 kwa amayi ndi 65 kwa abambo, komanso asakhale woti khoti linamupeza wolakwa pa mlandu wokhudza udindowo.

Olipira si a gmina koma bungwe la inshuwalansi ya alimi la KRUS. Wójt amangopereka kalata yotsimikiza zaka zimene munthu watumikira. Povuta m'pakuti mabuku ena akale anasowa, ndiye okalamba amene anatumikira mudzi wawo mokhulupirika amavutika kufunafuna mboni zoti ziwalembere umboni. Izi zimatikhudza kwambiri, komabe sitingalonjeze munthu kuti pempho lake livomerezedwa, chifukwa chigamulo n'cha KRUS.

Kodi Mmalawi kapena Mzambia wokhala m'gmina angavotere makhansala?

Tivomere kuti ayi, ngakhale atakhalamo zaka zambiri n'kumakhoma msonkho. Mwayiwu ndi wa nzika za Poland, za mayiko a European Union ndi za Britain zokhazikika m'gminamo. Amene watenga unzika wa Poland amavota ngati wina aliyense.