Gabès: Kumene Minda ya Tende Imafika Mpaka m'Mphepete mwa Nyanja Yamchere

Kum'mwera chakum'mawa kwa dziko la Tunisia, pamtunda wa makilomita pafupifupi 400 kuchokera ku Tunis, kuli mzinda wa Gabès. Mvula ya kumeneko nthawi zambiri siikwana mamilimita 200 pa chaka, pomwe Lilongwe amalandira oposa 800. Komabe pakati pa nthaka youma gwa imeneyo pali nkhalango ya mitengo ya tende (kanjedza wa zipatso zotsekemera) yobiriwira chaka chonse, yoyambira kumtunda mpaka kukagunda mchenga wa nyanja ya Mediterranean. Minda ina yam'chipululu ya ku Tunisia, monga ya ku Tozeur ndi Douz, ili kutali ndi nyanja. Kuyandikana kwa munda ndi nyanjaku n'kumene kunachititsa kuti mu 2008 dziko la Tunisia liike minda ya Gabès pa mndandanda wa malo oyembekezera kuvomerezedwa ndi UNESCO.

Tinene zoona poyambirira pomwe: wopita ku Gabès kukasambira walakwitsa mzinda. Chokaona kumeneko ndi munda, ndipo ulendo wonse muukonze poganizira mundawo.

Eni ake amautcha ghaba, kutanthauza nkhalango, ndipo ulimi wake ndi wosanjikiza patatu. Pamwamba pali mitengo ya tende, yofanana ndi kanjedza wathu koma yaitali kwambiri, imene imatchinga dzuwa ndi mphepo yotentha. Pakati pali mitengo yaifupi: makangaza, nkhuyu, mphesa, maolivi, ngakhale nthochi m'malo ena. Pansi penipeni pali ndiwo zamasamba, anyezi, karoti, msipu wa ziweto ndi tizitsamba ta hina, chija amayi amadzikongoletsera nacho m'manja pa ukwati. Chosanja chapamwamba chimasungira chapansi chinyezi, moti kadimba kakang'ono kamabereka zinthu zamitundumitundu. Ulimi umenewu si wa dzana. Mlembi wachiroma Pliny the Elder, amene anamwalira m'chaka cha 79, analemba za malowa pa dzina lake lakale la Tacape, ndipo anafotokoza mitengo yomera pansi pa mitengo inzake komanso madzi ogawidwa kwa alimi powerengera nthawi. Mpaka lero madzi amayenda m'ngalande zotchedwa seguia, mlimi aliyense kudikira tsiku ndi maola ake. Amene anakhalapo pa sikimu ya mpunga ngati ya ku Domasi kapena Likangala akudziwa mmene mkangano umabukira wina akatsegula ngalande nthawi yake isanakwane.

Gawo labwino kuyendamo ndi Chenini, makilomita ochepa kumadzulo kwa pakati pa mzinda. Samalani ndi dzinali. Kuli Chenini wina, mudzi wa paphiri pafupi ndi Tataouine, kutali chakum'mwera, choncho mukamafunsa njira nenani kuti Chenini Gabès. Mungapite pa takisi yachikasu n'kuyenda pansi, kapena kukwera ngolo ya hatchi yotchedwa calèche. Pa ngolo gwirizanani zinthu zitatu musanakwere: mtengo, kutalika kwa nthawi, ndiponso ngati mtengowo ndi wa ngolo yonse kapena wa munthu mmodzi. Mikangano yambiri ya alendo ndi oyendetsa ngolo imachokera pa chachitatuchi. Maola awiri kapena atatu m'mawa ndi okwanira. Kumbukirani kuti ngakhale palibe mpanda wooneka, dimba lililonse lili ndi mwini. Yendani m'tinjira, musathyole chipatso, ndipo mukapeza mlimi mupatseni moni wa aslema musanatulutse foni yojambulira.

Mukamayenda mudzaona ngalande zina zouma ndi minda imene mwamera nyumba za simenti. Kale madzi ankatumphuka okha m'akasupe a ku Ras El Oued, kumtunda kwa Chenini. Kuyambira zaka za m'ma 1970, zitsime zakuya zokumbidwira mafakitale ndi minda yatsopano zinatsitsa madzi apansi, akasupe n'kuphwa, ndipo lero madzi ambiri othirira amachita kupopa ndi injini. Mlimi amene kale ankangodikira nthawi yake tsopano amalipiranso mtengo wopopera.

Mafakitale amenewo ndiwo nkhani imene mabuku okopa alendo amailambalala. Kumpoto kwa mzinda, cha ku Ghannouch, kuli fakitale yaikulu ya boma ya Groupe Chimique Tunisien, imene inayamba ntchito mu 1972. Imalandira miyala ya phosphate yochokera ku migodi ya ku Gafsa n'kupanga asidi ndi feteleza. Zotsalira zake, matope otchedwa phosphogypsum, zakhala zikutayidwa m'nyanja matani masauzande tsiku lililonse. Mu 2017 boma linalonjeza kusamutsa magawo oipitsa kwambiri koma silinatero, ndipo mu Okutobala 2025 anthu zikwizikwi anachita zionetsero ana asukulu atabanika ndi mpweya wochokera kufakitaleko. Kwa mlendo tanthauzo lake n'losavuta kumva. Musasambe kugombe la Chott Essalam loyandikana ndi fakitale, ngakhale mutaona ana akusewera m'madzi. Amene ali ndi mphumu atenge mankhwala ake okwanira ndipo asankhe malo ogona chakum'mwera kwa mzinda, chifukwa mphepo ikatembenuka fungo la sulufule limafika m'tauni. Mukakumana ndi zionetsero, patukani. Kujambula fakitale, doko, apolisi kapena asilikali kungakutengereni tsiku lonse ku polisi, ndipo kandege kojambulira ka drone amalanda pabwalo la ndege ngati mulibe chilolezo.

Nyanja yake ilinso ndi khalidwe limene wozolowera Salima kapena Mangochi sangaliyembekezere. M'madera ambiri a Mediterranean madzi sakwera kapena kutsika kwenikweni, koma mu Gulf of Gabès amakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku, ndipo mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa kusiyana kwake kumafika pafupifupi mamita awiri. Gombe ndi lathyathyathya, choncho madzi akaphwa amathawira kutali n'kusiya matope, kumene amayi amatola nkhono za m'nyanja ndipo mbalame zosamuka kuchokera ku Ulaya zimadzadya m'nyengo yozizira. Pobwerera madziwo amabwera mwakachetechete, kuyamba kudzaza maenje a kumbuyo kwanu. Musapite kutali pamatopepo musanafunse asodzi nthawi imene madzi abwerere.

Nyengo yabwino ndi Okutobala ndi Novembala, pamene makangaza a mtundu wa Gabsi ndi tende zapsa, kapena Malichi ndi Epulo. Julayi ndi Ogasiti kumatentha ndi chinyezi cha nyanja pamwamba pake, ndipo mphepo ya kuchipululu yotchedwa chehili ikaomba kutentha kumadutsa madigiri 40, kofanana ndi Nsanje mu Okutobala. Nyengo zawo ndi zotembenuka poyerekeza ndi zathu: Disembala ndi Januwale ndiye kuzizira, usiku kumatsika pansi pa madigiri 10, ndipo mahotela otsika mtengo ambiri alibe chotenthetsera. Tengani juzi. Onaninso kalendala ya Ramadan, chifukwa m'mwezi umenewo malo odyera ambiri amatseka masana onse, ndipo kutatsala ola limodzi kuti dzuwa lilowe takisi zimasowa.

Ndege yolunjika kuchokera kwathu kuno kulibe. Ambiri amasinthira ku Cairo, Istanbul, Doha kapena Dubai n'kukatera ku Tunis. Za visa malizani musanagule tikiti. Dziko la Tunisia lili ndi ofesi ya kazembe ku Pretoria, ndipo amene ali ndi pasipoti ya Britain kapena South Africa amalowa opanda visa kwa masiku 90. Pali chinanso chofunika kuchinena mosabisa. Chiyambire Febuluwale 2023, pamene Pulezidenti Kais Saied analankhula mawu aukali okhudza anthu a kum'mwera kwa Sahara olowa m'dzikomo popanda zikalata, munthu wakuda amaimitsidwa ndi kufunsidwa kawirikawiri, makamaka m'chigawo cha Sfax chimene msewu wa ku Gabès umadutsa. Yendani ndi pasipoti yeniyeni yokhala ndi chidindo cholowera, osati fotokope yokha, komanso pepala losonyeza hotela imene mukagone ndi tikiti yobwerera. Zikhale m'thumba la pathupi, osati m'chikwama chimene chaikidwa kumbuyo kwa galimoto, chifukwa pa rodibuloko ya Garde Nationale simudzafuna kuti anthu onse atsitse katundu chifukwa cha inu.

Kuchokera ku Tunis pali njira ziwiri zodalirika. Sitima ya pamtunda ya SNCFT imadutsa ku Sfax n'kukathera ku Gabès, ulendo wa maola asanu ndi limodzi kapena kuposerapo, poti kuchedwa si kwachilendo. Njira yachangu ndi louage, kaminibasi koyera konyamula anthu asanu ndi atatu. Ka mzere wofiira ndi kopita mizinda yakutali, ka mzere wabuluu kamayenda m'chigawo chomwecho. Kamanyamuka kakadzaza, ngati minibasi za kwathu, kusiyana kwake n'koti mtengo ndi woikika, m'madepoti akuluakulu tikiti mumagula pawindo, ndipo munthu wachisanu ndi chinayi sakwera. Pitani m'mawa. Masana akapendeka okwera amachepa, ndipo mungadikire maola kapena kukakamizika kulipira mipando yotsala. M'tauni, uzani dalaivala wa takisi ayatse mita, imene amati compteur. Usiku mtengo umakwera ndi theka. Chizungu sichimveka kwenikweni kuno. Chiarabu ndi Chifalansa ndizo zimagwira ntchito, choncho lembani dzina la kumene mukupita pa foni n'kumuonetsa.

Ndalama yawo, dinar, imasokoneza alendo chifukwa imagawidwa m'timagawo 1,000 totchedwa millime. Mukaona 3.500 pa chinthu, ndiye kuti ma dinar atatu ndi theka, ndipo wogulitsa akati "zikwi zisanu" akutanthauza ma dinar asanu. Ndalamayi siigulidwa kunja kwa dzikolo ndipo lamulo limaletsa kutuluka nayo. Tengani ma euro kapena madola, sinthani kubanki kapena ku ofesi yovomerezeka, ndipo sungani malisiti, chifukwa ndi amene adzakulolani kubweza zotsala pochoka. Mapulagi awo ndi a timano tiwiri tozungulira, osati atatu a kwathu, ndipo simu khadi ya Ooredoo, Orange kapena Tunisie Telecom imafuna pasipoti pogula.

Msika woyenera tsiku lanu ndi Souk Jara, mkati mwa tauni. Muli milu ya hina wobiriwira, zokometsera ndiwo, lubani, ndi madengu, zipewa ndi zokupizira zoluka ndi masamba a tende. Hina gulani wa masamba ouma kapena ufa wobiriwira wonunkhira ngati udzu. Wakuda bii amene amati amagwira msanga kawirikawiri amakhala wothira mankhwala a utoto wa tsitsi, ndipo amatha kuwotcha khungu. Mudzaonanso ufa wina wobiriwira wotchedwa mloukhia. Amenewo ndi masamba a denje, therere lathu lomwe lija, owumitsidwa ndi kuperedwa. Iwo amaukazinga m'mafuta a maolivi, n'kuthira madzi ndi nyama, n'kuuphika pamoto wochepa maola ambiri mpaka utada ndi kuleka kutelera. Amadyera buledi. Tende za kuno si Deglet Nour wonyezimira uja wa m'masitolo, amene amakonda mpweya wouma wa ku Tozeur ndi Kébili. Za ku Gabès ndi mitundu ya m'mbali mwa nyanja monga Bouhattam, Lemsi ndi Rochdi, ndipo zimakoma zikadali zatsopano.

Chakumwa cha mzindawu ndi legmi, madzi okha kuchokera kunsonga ya mtengo wa tende. Wa ku Chigwa cha Shire adzauzindikira msanga kuti ndi mbale wake wa uchema. M'mamawa umakhala wotsekemera wopanda ukali, ndipo ogulitsa amausunga pa ayezi m'mbali mwa msewu. Dzuwa likakwera umayamba kusasa, pofika madzulo wasanduka mowa. Imwani m'mawa, kapu imodzi poyamba, chifukwa mimba yosazolowera imatha kutseguka, ndipo musautsekere m'botolo n'kuika m'chikwama: mpweya wake umaphulitsa chitsekerero.

Ku Sidi Boulbaba kuli manda amene anthu amakhulupirira kuti ndi a Abu Lubaba al-Ansari, mmodzi wa anzake a Mtumiki Muhammad, ndipo pambali pake pali nyumba yosungiramo zachikhalidwe m'madrasa yakale. Valani zophimba mapewa ndi mawondo. Amene si Msilamu asalowe m'chipinda chopemphereramo, ndipo Lachisanu masana ndi bwino kuwasiyira opemphera.

Masiku awiri ogona amakwanira mzinda, lachitatu mupite kunja. Ku Mareth, makilomita osakwana 40 pa msewu wa ku Medenine, kuli nyumba yachikumbutso cha nkhondo ya mu Malichi 1943, mkati mwa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, pamene asilikali otsogoleredwa ndi Montgomery, kazembe wankhondo wa ku Britain, anachotsa Ajeremani ndi Ataliyana pa mzere wawo wa chitetezo. Ofuna kusambira apitirire ku chilumba cha Djerba, powoloka pa pantoni ya pakati pa Jorf ndi Ajim. Koma ambiri amasankha Matmata, makilomita pafupifupi 40 kumapiri, kumene anthu a mtundu wa Amazigh anakumba nyumba pansi: dzenje lalikulu lozungulira ngati bwalo, zipinda n'kuzibowola m'makoma mwake, mozizira nthawi yotentha ndi mofunda nthawi yozizira. Zina mwa nyumbazi mukukhalabe mabanja, choncho musasuzumire kuchokera pamwamba pa dzenje. Lowerani pakhomo mukaitanidwa, ndipo mukalandira tiyi ndi buledi siyani kangachepe. Pokwera louage funsitsani, chifukwa pali Nouvelle Matmata, tauni yatsopano ya m'chigwa yopanda nyumba zapansi, ndi Matmata wakale makilomita pafupifupi 15 kupitirira pamenepo, ndipo nthawi zina mumafunika kusintha galimoto. Mukangofika, funsani dalaivala nthawi ya louage yomaliza yobwerera ku Gabès, n'kukhala padepoti ola lathunthu isanakwane.