Magetsi akazima, musakweze kutentha kwa makina oswetsa mazira

Chiperoni chikangoyamba, foni yanga imalira ndi nkhani imodzimodzi. "Alangizi, lero ndi tsiku la 23, palibe dzira n'limodzi lomwe laswa." Ndikafunsa zomwe zidachitika m'masabata atatuwo, yankho limabwera mozemba: magetsi adazima usiku wina, mazira adazizira, ndiye kutacha adakweza makina "kuti abweze kutentha komwe kudatayika". Mawu amenewa ndatopa nawo. Kutentha si ngongole yoti mubweze mawa ndi chiwongoladzanja.

Dzira la nkhuku limafuna madigiri 37.5 kwa masiku 21, ngati makina anu ali ndi fani yozunguza mpweya. Kamwanapiye ka m'dziramo kamapirira kuzizira kuposa momwe ambiri amaganizira. Taonani thadzi lofungatira. Limatsika pachisa, kukatolatola chakudya, kusamba fumbi, n'kubwerera, koma mazira ake amaswa ndithu. Magetsi akazima kwa maola angapo, kamwanapiye kamangochedwa kukula, mwina n'kudzaswa tsiku la 22 m'malo mwa 21. Koma kutentha kukadutsa madigiri 40 n'kukhazikika pamenepo kwa maola angapo, kamafera m'chigoba, ndipo palibe mlangizi kapena mankhwala amene angakadzutse.

Pali mayi wina wa cha ku Luchenza amene nkhani yake imandiwawabe mpaka pano. Adatenga ngongole ku banki nkhonde n'kugula makina oswetsa (incubator) a mazira 96. Mazirawo adali abwino, a nkhuku za Mikolongwe za mchemwali wawo, khola lokhala ndi atambala okwanira. Tsiku la 7 ndidapita ndekha kukawaunika ndi tochi m'chipinda chamdima, ndipo ambiri mwa iwo adaonetsa mitsempha yofiira yoyala ngati ukonde wa kangaude. Ndidawauza kuti, "Mayi, apa zilibwino, ingopitirizani." Tsiku la 15, m'kati mwa Julaye, magetsi adazima madzulo mpaka m'bandakucha. Mayiwo adachita manyazi kundidzutsa usiku. Adafunsa mnyamata wina amene amadzitcha katswiri wa nkhuku pa gulu la WhatsApp, ndipo iye adawalangiza zinthu ziwiri: aike mbaula pansi pa tebulo la makinawo, kenako magetsi akayaka akweze mpaka 41 tsiku lonse.

Adandiimbira tsiku la 23. Tidakhala kuseri kwa nyumba n'kumaswa dzira limodzilimodzi. Tianapiye tonse tidali titamera kale nthenga, tonse tofanana msinkhu, ndipo kufanana kumeneko ndi komwe kumaulula kuti tidafa tsiku limodzi. Titafika cha pakati, mayiwo adandigwira mkono. "Alangizi, ndiye kuti ndawaphika ndekha?" Ndidasowa poyambira. Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti ndidapitako kawiri konse, n'kufotokoza za madzi ndi za kutembenuza mazira, koma za kuzima kwa magetsi sindidatchule. Ndimayesa n'zodziwikiratu. Sizidali zodziwikiratu kwa iwo, n'chifukwa chake ndikuzilemba pano.

Magetsi akazima, musatsegule makina. Chivindikiro chikatseguka, kutentha komwe kukanakhalamo maola angapo kumathawa nthawi yomweyo. Afundeni bulangete, koma siyani timabowo ta mpweya poyera, chifukwa dzira limapuma kudzera m'timabowo tambirimbiri ta m'chigoba chake. Pa chifukwa chomwechi mbaula isayandikire: utsi wa makala umene umapha munthu m'nyumba yotseka ndi womwewo umalowa m'dzira. Mukaona kuti kuzimako kukutalika, thirani madzi otentha m'mabotolo, akulungeni nsalu, tsegulani kamodzi kokha n'kuwaika m'mbali osakhudza mazira. Magetsi akabwera, siyani makina pa 37.5 pomwepo, osawonjezera ngakhale pang'ono. Pakatha masiku atatu kapena anayi unikani ndi tochi, muona okha amene akugwedera. Ndipo musataye mazira tsiku la 21 chifukwa sadaswe. Apatseni mpaka la 23.

Kunena zoona, munthu amene sadaganize za kuzima kwa magetsi sadakonzeke kugula makinawa. Alipo ang'onoang'ono amene amayendera magetsi komanso batire ya mavoti 12. Gulani amenewo, ngakhale akhale a mazira ochepa. Odalira sola kumbukirani kuti kuno ku Mulanje ndi Thyolo chiperoni chimabisa dzuwa masiku angapo motsatizana, phiri osaoneka n'komwe, choncho batire izikhala yodzaza nthawi zonse, osati yochajira mafoni a mudzi wonse.

Nambala yowala pa makina musaikhulupirire msanga. Makina otsika mtengo ambiri amalemba 37.5 pamene m'kati muli zina. Musanaike dzira, ayatseni opanda kanthu tsiku lathunthu kapena awiri, muikemo themometa yoyezera thupi, ija imagulitsidwa m'mafamase, pa msinkhu womwe mazira adzakhale. Ziwirizi zikasiyana, khulupirirani ya ku famase. Kukatentha mu Okutobala ndi Novembala vuto limatembenuka. Makinawa amadziwa kutenthetsa kokha, kuziziritsa sadziwa. Mukawasiya m'chipinda cha malata chopanda siling'i, pafupi ndi zenera lolowa dzuwa la masana, mazira amapsa popanda wina kukhudza batani.

Za kutembenuza sinditayapo nthawi: katatu kapena kasanu pa tsiku ngati makina satembenuza okha, n'kulekeratu tsiku la 18.

Chinyezi ndiye chimafuna maso. Kabuku kobwera ndi makina kamati dzazani madzi m'timbale tonse, koma kadalembedwera kwina, osati kuno kumene zovala zimatha masiku atatu pa chingwe osauma. Chofunika ndi chinyezi cha 50 mpaka 55 peresenti m'masiku 18 oyamba, kenako 65 mpaka 70 m'masiku atatu omaliza. Dzira liyenera kutaya madzi ena pang'onopang'ono kuti kathumba ka mpweya ka kumutu kwake kotakata kakule, chifukwa mpweya woyamba umene kamwanapiye kamapuma umachokera m'menemo. Chinyezi chikachuluka, kathumbako kamakhala kakang'ono, ndipo kamwanapiye kamamira m'dzira lake lomwe, kakangoboola kathumbako. Tengani pensulo, jambulani malire a kathumbako pounika tsiku la 7, la 14 ndi la 18. Ngati sakusuntha kwenikweni, chepetsani madzi.

Akatswiri a m'mafoniwa akundidetsa nkhawa kwambiri. Amene adalangiza za mbaula uja si yekha. Ena amauza alimi kuti atsuke mazira ndi sopo asanawaike m'makina, pamene kutsukako kumachotsa kakhungu kosaoneka kamene kamatchinga majeremusi. Dzira lodetsedwa kwambiri lisiyeni, ndi ndiwo. Ena amagulitsa mazira pamsika akulumbira kuti "onse oswa", osadziwa n'komwe tsiku lomwe adaikiridwa, ena mwa iwo a nkhuku za mazira zomwe sizidaonepo tambala. Dzira loswetsa lisapitirire masiku 7 chiikiridwire, lisungidwe pozizira, kusongoka kutaloza pansi, ndipo lichokere m'khola lomwe mwaliona ndi maso anu, la tambala mmodzi pa matadzi pafupifupi 10. Wogulitsa akakana kukuonetsani khola lake, bwererani ndi ndalama zanu.

Enanso amati kamwanapiye kakaboola chigoba muzikathandiza kutuluka ndi zala. Ayi. Kuchoka pa kabowo koyamba mpaka kutuluka kumatha kutenga tsiku lathunthu, ndipo nthawi imeneyo kamakhala kakumaliza kukokera m'mimba gawo lachikasu la dzira, mitsempha ya magazi ikuuma. Mukasenda chigoba msanga kamatuluka magazi, mchombo uli wotseguka, ndipo sikafika sabata. Kutsegulatsegula makina kuti anansi aone kumaumitsanso kakhungu ka m'mazira enawo, anzake n'kumatirira m'kati. Gawo lachikasu lija limakasunga masiku awiri kosadya, choncho palibe chothamangira. Kaume kaye, nthenga zifufume, kenako mukachotse.

Amene aswetsa bwino nawonso asagone. Chitopa chilibe mankhwala ochiza, ngakhale wina akugulitseni makapisozi amitundumitundu kapena akuuzeni za tsabola wa m'madzi akumwa. Chimene chilipo ndi katemera, monga wa I-2 wodonthezera dontho limodzi m'diso, wobwereza pakapita miyezi itatu kapena inayi. Kamufunseni ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu, osati kwa munthu amene wayenda naye m'thumba la malaya padzuwa kuyambira m'mawa.

Chimene ndikupempha n'chaching'ono. Chinthu chikalakwika, imbirani mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo, usiku kapena usana. Tsiku la 15 ndingathe kukuuzani chochita. Tsiku la 23 ndimangobwera kudzakuthandizani kuwerenga mazira osukusa.

Mayi a ku Luchenza aja akubwezabe ngongole ija ndi ndalama ya zitumbuwa. Makina adawavindikira chitenje n'kuwaika pamwamba pa kabati. Mwezi watha ndidadutsako n'kuwapempha kuti batire ikapezeka tidzayesenso ndi mazira 30 okha, ine ndizidzabwera tsiku la 7, la 14 ndi la 18. Adangoti, "Tiona, alangizi," n'kupitiriza kukazinga.