Mabelu a amayi a ku Govan ndi chiyambi cha malire a lendi

Mumzinda uliwonse umene anthu achuluka kuposa nyumba, mkangano wake umakhala womwewo. Mwininyumba akuti lendi ikwere poti ofuna nyumbayo ali pamzere, wochita lendi akuti malipiro ake ali pomwe anali chaka chatha. Zikafika povuta, wina amadzuka n'kunena kuti boma liike malire. Ganizo limeneli latha zaka zoposa 100, ndipo amene analikankha mpaka kukhala lamulo ku Britain anali amayi apakhomo.

Mu 1915, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili mkati, mzinda wa Glasgow ku Scotland unadzaza ndi anthu odzagwira ntchito m'mafakitale a zida ndi m'malo okhomera sitima zapamadzi m'mbali mwa mtsinje wa Clyde. Nyumba zinali zoperewera kale, mabanja ambiri akupanikizana m'chipinda chimodzi kapena ziwiri. Eni nyumba anapezerapo mwayi, lendi n'kukwera. Ena mwa olephera kulipira anali akazi a asilikali, amuna awo ali kunkhondo.

Ku Govan, dera lina la mzinda wa Glasgow, mayi Mary Barbour anamema anzake. Anapangana kuti lendi yakale azipereka ndithu, koma yowonjezerayo ayi. Pamawindo anamata mapepala onena kuti sasamuka. Pakhomo lolowera mumdadada pankakhala mayi mmodzi wolondera, belu lili m'manja. Akangoona wa kukhothi akubwera kudzatulutsa banja, belu linkalira, amayi n'kusiya zochapa zili m'madzi, kudzatseka njira pamakwerero. Mkulu uja ankabwerera atayera mbuu ndi ufa umene amuwaza, ntchito osagwira.

Pofika November, mabanja pafupifupi 20,000 anali atalowa nawo. Pa 17 mwezi womwewo, anthu 18 anatengeredwa kukhothi chifukwa cha ngongole ya lendi, ndipo khamu linakhamukira komweko, amuna okhoma sitima nawo atasiya ntchito. Boma limene linkafuna zipolopolo usana ndi usiku silikanapirira zimenezo. Milandu inathetsedwa, ndipo mu December Nyumba ya Malamulo inabwezera lendi ya nyumba zing'onozing'ono pamene inali mu August 1914. Lamulolo linali loti lidzathe miyezi 6 nkhondo ikadzatha. Koma malire a lendi, akusinthasintha maonekedwe, anakhalapobe mpaka lamulo la nyumba la 1988.

Kuchokera pamenepo mizinda yambiri inayesa, ndipo zotsatira zake zinasiyana. Ku Bombay m'dziko la India, komwe lero ndi Mumbai, lamulo la 1947 linamangirira lendi pamtengo wa 1940. Amene anali kale m'nyumba anapuma. Koma zaka zitapita, lendiyo sinkakwana ngakhale kukonzera denga, eni nyumba anangopinda manja, ndipo nyumba zosanja zakalezo zinayamba kugwa m'nyengo ya mvula anthu ali momwemo. Wobwera kumene mumzinda analibe pogwira, chifukwa wokhala m'nyumba yotchipa chotero sasamuka.

Kwa ine, mzinda umene unaona patali ndi Vienna ku Austria. Kumenekonso lamulo loteteza ochita lendi linabwera nthawi ya nkhondo, mu 1917, ndipo ndalama itagwa mphamvu lendi inasanduka chabechabe, anthu andalama n'kusiyiratu kumanga. Khonsolo ya mzinda sinadikire kuti asinthe mtima. Mu 1923, pansi pa mkulu wa zachuma Hugo Breitner, inakhazikitsa msonkho wa nyumba umene unkaluma kwambiri okhala m'nyumba zikuluzikulu, n'kuyamba kumanga yokha. Pofika 1934 inali itamanga nyumba zoposa 60,000. Yodziwika kwambiri ndi Karl-Marx-Hof, yotsegulidwa mu 1930, yotalika kupitirira kilomita imodzi, yokhala ndi mochapira, mosambira ndi sukulu za mkaka mkati momwemo. Lero khonsoloyo ili ndi nyumba pafupifupi 220,000, ndipo mwininyumba wamba akafuna kukweza lendi amadziwa kuti ali ndi wopikisana naye wamkulu pamsika. Kuika malire kumateteza amene ali ndi kiyi kale, pomwe wongofika ndi chikwama amathandizika ndi njerwa. A ku Vienna anachita zonse ziwiri, ngakhale tisaiwale kuti malo anawagula motchipa chifukwa cha mavuto omwewo a nkhondo.

Mkanganowu sunazizire. Mu February 2020 boma la mzinda wa Berlin linaimitsa lendi ya nyumba pafupifupi 1.5 miliyoni kwa zaka 5, pamtengo wa June 2019, kupatula zomangidwa kuyambira 2014. Eni nyumba ena anayamba kulemba mitengo iwiri pamgwirizano, wina wolipira panthawiyo, wina wodzalipira lamulolo likadzagwa. Linagwadi mu April 2021, khothi lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko litagamula kuti mphamvu yoika malirewo ndi ya boma la Germany, osati la mzinda. Anthu ambiri amene lendi yawo inali itatsitsidwa analandira makalata owauza kuti abweze ndalama yonse yotsalayo.