Adiresi ya webusaiti imveke pa wailesi

Ambiri mwa eni bizinesi amasankha adiresi ya webusaiti maso ali pa kompyuta. Komatu kasitomala amaimvera pa wailesi, kapena amaiona pa chikwangwani minibasi ikuthamanga. N'chifukwa chake musanalembetse dzina, imbirani mnzanu foni, mutchule adiresiyo kamodzi kokha, iye ailembe. Akaphonya, dzinalo lisiyeni, ngakhale mwalikonda bwanji.

Chichewa chili ndi misampha yakeyake. Adiresi silola mpata pakati pa mawu, silolanso kachizindikiro ka m'mawu oti ng'ombe, ndiye wogulitsa nyama adzangolemba ngombe. Vuto lalikulu ndi l ndi r: wina amalemba chisamaliro, wina chisamalilo. Ngati dzina lanu lili ndi mawu otere, lembetsani malembedwe onse awiri, onse azifikitsa munthu pa tsamba limodzi. Manambala ndi timizere tapakati tipeweni, chifukwa muulutsi amavutika kutitchula.

Kufupika n'kofunika ndithu. Facebook inayamba mu 2004 ili thefacebook.com, ndipo mu 2005 inagula facebook.com pa madola 200,000 kuti zilembo zitatu zija zichoke.

Nanga kumapeto kukhale .com kapena .mw? Ya .com ilipo kuyambira 1985, moti maina aafupi ambiri anatengedwa kalekale. Ngati makasitomala anu ali ku Limbe, ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ine ndimakonda .mw, poti imauza munthu kuti muli konkuno. Wotumiza katundu ku Johannesburg kapena ku London angachite bwino kukhala ndi zonse ziwiri.

Pa chikwangwani, https:// ndi www zimangodya malo. Zichotseni, mutayesa kaye ngati tsamba likutseguka popanda izo. Zilembo zazikulu sizisintha kanthu pa dzina lenilenilo, choncho ZovalaZaAna.mw imawerengeka msanga kuposa zovalazaana.mw. Adiresiyo muilembe payokha, wolemba chikwangwani asakuipanikizireni pansi pa manambala a foni.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti ambiri sadziwa kuti adiresi sagula mpaka kalekale, amachita kulipira chaka ndi chaka. Mukaiwala, wina akhoza kuitenga zikwangwani zanu zikadali pamsewu. Ndipo amene wakupangirani webusaiti asailembetse m'dzina lake. Dzina likhale la bizinesi yanu, imelo yanu, pasiwedi musunge nokha, chifukwa uthenga wokumbutsa kulipira umapita ku imelo yomweyo.